Khala la pa Ufa

Amayi anga sankadziwa kulemba, ndipo sanajambulitsepo chithunzi moyo wawo wonse. Ndanena izi poyambirira kuti wina asadikire kuti kumapeto ndikapeza chithunzi chakale m'kati mwa Baibulo. Kulibe. Chimene ndinatsala nacho ndi makala, ndipo makala amatha.

Kwathu ndi mudzi wina kuseri kwa Mitundu. Ukaima pachulu cha kumunda kwathu umaona phiri la Bunda mbali ino, mapiri a Dzalanyama chapatali mbali inayo. Bambo anapita ku Joni ine ndikukwawa, osabwereranso, ndipo anthu ankangoti anatchona. Tinkakhala awiri, amayi ndi ine, m'nyumba yaudzu yoyandikana ndi ya amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi. Tinkagona mphasa imodzi, bulangeti limodzi, ine kukhoma iwo kukhomo. Amayi ankatsokomola, koma ndani sankatsokomola nyengo ya fodya, utsi uli tolotolo m'zigafa? Ine sindinazilabadire.

Chaka chimene ndinkalowa Sitandade 4 kunabwera atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, amene anali mphunzitsi ku Nathenje. Anakhala ndi amayi patsinde pa mango nthawi yaitali, akuyankhula motsitsa mawu. M'mawa mwake ndinapeza madiresi anga awiri atamangidwa kale m'kansalu.

"Upita ndi atsibweni ako. Sukulu ya kumeneko ndi yabwino," anatero amayi.

Ndinalira, ndinadzigwetsa pansi, ndinagwira mwendo wa nkhokwe. Amayi sanabwere kudzandidzutsa. Anaima patali, ataphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje, ndipo atsibweni atandikweza pakaliyala ya njinga, iwo anangonyamula khasu nkulowera njira ya kumunda. Sanatiperekeze ngakhale pamsewu. Ndinakhotetsa khosi mpaka kupweteka, ndikudikira kuti acheuka. Ndinaona mpango wawo, mapewa, khasu, kenako chimanga chinawabisa.

Ku Nathenje sindinazunzike, ndisaname. Nyumba inali ya njerwa, yamalata, pansi pa simenti. M'mawa tinkamwa tiyi. Anandigulira nsapato zimene zinanditupitsa zithendene mwezi wathunthu. Azakhali, akazi a atsibweni, anali mayi woleredwa ku mishoni, waukhondo woti ntchentche ikalowa m'nyumba mwawo inkayamba yapukuta mapazi. Sankamenya, sankatukwana, ankangokuyang'ana, iwe nkudziwa wekha kuti kapu sunatsuke bwino. Pabalaza panali mipando ya nsalu zoluka ndi chithunzi chimodzi chokha, cha Pulezidenti, chopachikidwa pamwamba kuposa kalendala. Zinali zaka za chipani chimodzi, ndipo chithunzi chimenecho chinali m'nyumba ya mphunzitsi aliyense.

Koma ndinkapukwa. Ndinkapukwa moti chakudya chinkandikhala pakhosi. Malole akamabangula pamsewu waukulu ndinkafuna kumva mitondo ya kwathu. Bedi limene anandipatsa linali lalikulu, lozizira kumsana kumene amayi ankakhala. Ndikamachokera kusukulu ndinkaima pachitunda china pomwe phiri la Bunda linkaonekera, laling'ono, ndiponso silinkaoneka monga ndinkalidziwira, chifukwa ndinkaliona chakumbali ina. Ndinkafika kunyumba maso ali psuu, azakhali nkumati ndi fumbi.

Patapita milungu ingapo kunafika abambo aang'ono, amuna awo a amayi aang'ono, pa njinga yawo yolira ngati nkhanga. Ankabwera kudzagulitsa nkhuku pamsika wa Nathenje, ndipo amayi anawapatsira kathumba ka ufa woyera kuti mwana wawo asamangodya za eni. Azakhali atamasula chingwe, pamwamba pa ufawo panali khala limodzi, lakuda bii, lotalika ngati chala.

Kwathu chakudya sichiyenda chokha mumdima. Ukamatumiza ufa kaya ndiwo, wonyamulayo nkunyamuka kusanache, umaikapo khala pamwamba kuti zoipa za m'njira zisachikhudze. Aliyense ankadziwa zimenezi, ngakhale azakhali. Anatola khalalo ndi zala ziwiri.

"Zachikunja sizidzatha kumudzi," anatero, nkuliponya kuseri kwa khitchini.

Ndinadikira kuti alowe m'nyumba, ndinakalitola. Linkanunkha utsi wa m'nyumba mwathu. Mwina makala onse amanunkha chimodzimodzi, koma musandiuze zimenezo, ndikukanirani mpaka lero.

Khitchini inali kanyumba kapadera kumbuyo, ndipo khoma lake lakuseri linali lopaka njereza, loyera mbee. Kumeneko kunkangodutsa nkhuku ndi munthu wopita kuchimbudzi. Ndinakhala pansi, khala lili m'manja, ndipo sindikudziwa chimene chinandituma kulemba mzere pakhomapo. Mzerewo unafanana ndi tsindwi la nyumba yathu, lopendekera kudzanja lamanzere. Ndinawonjeza mzati wa pakhonde, kenako chitseko cha bango. Pamene azakhali ankandiitana kuti ndikatunge madzi, nyumba yathu inali itaima ku Nathenje, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni ndinadya nkukhuta.

Kuyambira pamenepo ndinkadikira njinga ija monga ana ena amadikirira Khirisimasi. Ufa ukafika, azakhali ankataya khala, ine nkutola. Palibe anandiphunzitsa kujambula. Ndinazindikira ndekha kuti ukafikisa ndi chala chachikulu pamatuluka utsi, ukanyowetsa nsonga ndi malovu mzere umada kwambiri, ndipo pamene ukufuna dzuwa umangosiya njereza osaikhudza. Chitsononkho chinali chofufutira changa. Ndinajambula nkhokwe, mtondo ndi misi yake, mango aja, mbuzi yathu yothyoka nyanga. Khala likatha ndinkayesa a pamoto pa azakhali, koma ankakala khoma, kuphwanyika, mzere wake wotuwa. La amayi linkatsetsereka ngati lapakidwa mafuta. Ndinkati ndi chifukwa choti ndi la kwathu.

Tsiku lina abambo aang'ono akupita kuchimbudzi anaima kuseri kuja nthawi yaitali, mpaka ndinaganiza kuti aiwala kumene amapita.

"Iyi si nkhokwe ya amayi ako iyi? Yopendama yomwe ija?" anafunsa.

"Ndi yomweyo."

"Ndi mbuzi yomwe. Mwana iwe uli ndi manja." Anapukusa mutu, akuseka, nkupitirira.

Zinthu zitatha ndinayamba anthu. Ndinafuna kuyamba ndi bambo, poti sindinkawadziwa ndipo palibe akanati ndalakwitsa. Anthu obwera ku Joni ndinkawaona atavala jekete ndi chipewa, ndodo kumanja, choncho ndinawajambula motero, wamkulu ndithu, pafupi ndi ngodya yoyang'ana kuchimbudzi. Ndinakondwa nawo. Ndinawapatsa ngakhale kansalu m'thumba la jekete.

Anayamba kuwaona ndi atsibweni, m'mawa, thaulo lili paphewa. Ndinali ndisanaonepo munthu wamkulu akuchita mantha chomwecho. Anayang'ana uku ndi uku, anathamangira kumgolo, ananyowetsa chiguduli, nkuyamba kupukuta okha, mphunzitsi wathunthu atagwada m'matope. Madzi akuda ankayenderera m'mikono mwawo.

"Wamuona ndani munthu ameneyu? Alipo wadutsa kuno?"

"Ndi bambo anga," ndinatero, ndikulira.

"Ndikudziwa, mphwanga. Koma wina akaona munthu wa chipewa ndi jekete, wakuda chonchi, pakhomo la chimbudzi, anena kuti ndi bambo ako? Anena kuti mphunzitsi akunyoza uja wa pabalaza. Ukufuna ndikafere kundende?"

Atatha anakhala pa njerwa, anandikokera pafupi, nkuyankhula mofatsa. Anati nyumba ndijambule, mbuzi ndijambule, mapiri ndijambule mmene ndingafunire, koma nkhope ya munthu ayi, kaya ya mwamuna kaya ya mkazi, chifukwa munthu wofuna kukunenera zoipa amaona chimene akufuna kuona. Ndinalonjeza.

Nthawi imeneyo nkhope ya amayi ndinali nayo yonse m'mutu. Ndikanatseka maso ndikanawerenga mphini za m'masaya mwawo. Anali munthu wotsatira amene ndinkati ndijambule. Poti ndinali nditalonjeza, ndinawajambula chakumbuyo, mmene ndinawaonera tsiku lija: mpango, mapewa, khasu, zithendene, akulowa m'chimanga. Atsibweni anayang'ana, anati zimenezo zilibe mlandu.

Tchuthi choyamba ndinamanga kansalu kanga. Atsibweni anati mitsinje yadzaza, njinga siingaoloke. Tchuthi chachiwiri anati ana onse a sukulu akufunika kuphunzira nyimbo ndi magule, chifukwa mwini dziko adutsa pamsewu waukulu, ndipo mwana wa m'nyumba ya mphunzitsi sangajombe. Tinaimadi padzuwa tsiku lonse, tikuimba, galimoto nkungodutsa. Tchuthi chachitatu azakhali anali ndi khanda, ndiye ndani akanawathandiza? Chifukwa chilichonse pachokha chinali chomveka. Koma mwana si chitsiru. Ndinayamba kuona kuti pali munthu amene sakufuna kuti ndipite, ndipo sindinkadziwa kuti ndi ndani.

Atsibweni anali munthu wokonda kusewera ndi mawu. M'kalasi ankatiphunzitsa mawu olembedwa mofanana koma osiyana tanthauzo, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Tsiku lina ufa utafika, ine ndikuumirira kuti ndikwere njinga ya abambo aang'ono pobwerera, atsibweni anatola khala lija azakhali asanalitaye, nkulikweza m'mwamba.

"Taona, mphwanga. Amati amayi ako sadziwa kulemba, koma mwezi ndi mwezi amakutumizira liwu limodzi. Ichi nchiyani?"

"Khala."

"Wamva? Akuti khala. Khala konkuno."

Anaseka, azakhali anaseka, abambo aang'ono anasekako pang'ono akuyang'ana pansi. Inali nthabwala ya mphunzitsi yongofuna kutonthoza mwana, ndipo pofika madzulo iwo anali ataiwala. Ine sindinaiwale. Ndinakumbukira amayi ataima patali, osandidzutsa, osacheuka. Zonse zinagwirizana. Ndinati kani chinthu chimene ndakhala ndikuchinunkhiza ndi kuchisunga m'thumba la yunifolomu chimandiuza kuti ndisabwerenso.

Ndinapsa mtima, ndipo kupsa mtima kwa mwana wopanda womuuza nkoopsa. Madzulo amenewo ndinapita kuseri kuja, ndinadetsa thambo lonse pamwamba pa nyumba yathu, ndikukanikiza mpaka khala linathyoka pakati. Ndinadetsa chitseko. Mbuzi ndinaifufuta. Amayi okha sindinawakhudze, ndinangowasiya akupita kumunda kwawoko.

Makala otsatira sindinawataye, chifukwa dzanja linali litazolowera. Koma za kwathu ndinasiya. Ndinayamba kujambula basi ya ku Dedza ndi katundu wake padenga, makina osokera a azakhali, belu la kusukulu limene linali chitsulo cha gudumu la lole. Ndinazijambula mbali ina ya khoma, ndipo zinkakula mwezi ndi mwezi mpaka basi inafika pafupi ndi nkhokwe. Nsapato zinasiya kundiluma. Ndinapeza anzanga, ndinayamba kukhoza masamu, ndinaleka kuima pachitunda chija. Azakhali anauza amayi anzawo a kutchalitchi kuti mwana uja tsopano wazolowera. Kunena zoona ndinali nditauma mtima, ndipo kunja zimaoneka chimodzimodzi.

Abambo aang'ono akamatsanzika ankandifunsa, "Ndikawauze chiyani amayi ako?" Kale ndinkawasenzetsa mawu ambirimbiri, oti mbuzi ili bwanji, oti adzanditenge liti. Ulendo uno ndinayankha ndikuyang'ana kumbali.

"Mukawauze kuti ndakhala."

Ndinkafuna kuti mawuwo akawabaye.

Chaka chachiwiri chili pakati, nyengo yozizira, ufa unabwera monga mwa masiku onse. Azakhali anamasula chingwe, anatambasula kale zala ziwiri zija, koma pamwamba panali ufa wokhawokha. Ine amene ndinkati ndimadana nalo khalalo ndinathamangira pathumbapo. Ndinapisa dzanja m'thumbamo mpaka m'chigongono, ndikufufuza, ufa ukutayikira pasimenti.

"Wathira ufa uwu ndani?" ndinafunsa abambo aang'ono.

"Amayi ako aang'ono."

"Nanga amayi?"

"Anali atagona. Thupi silili bwino kwenikweni, koma si zoopsa."

Amayi anga sakanalola ufa kuyenda mumdima wopanda khala, ngakhale akanakhala ndi malungo otani. Akanakwawa mpaka pamoto. Ndinawauza atsibweni kuti ndikufuna kupita tsiku lomwelo. Anati mayeso ali pafupi, tidzapita tonse tikatsekera. Sanandiyang'ane m'maso ponena zimenezo.

Sitinafike potsekera. Tsiku lina losakhala la msika, dzuwa lili paliwombo, ndinamva njinga ija ikulira. Pakaliyala panalibe nkhuku, panalibe thumba. Abambo aang'ono anavula chipewa asanafike pakhonde.

"Alamu akudwala kwambiri. Akuti mubwere ndi mwana."

Kwathu uthenga wa maliro sufika ndi dzina lake, makamaka pali mwana. Amati akudwala kwambiri. Ndinaona azakhali akulowa kuchipinda, nkutuluka atamanga mpango wakuda, atanyamula shuga ndi chitenje chofunda. Odwala sapitirwa motero. Sindinafunse munthu, ndipo njira yonse pakaliyala ya atsibweni sindinalire.

Kulira tinakumva tisanaoloke dambo. Nditatsika panjinga ndinathamangira kunyumba kwathu, koma amayi ena anandigwira pakhonde.

"Mwana asalowe. Matenda aja ngoopsa, mwini wake analetsa."

Ndinamenyana nawo, ndinaluma wina padzanja, koma anali ambiri. Ananditengera kwa amayi aang'ono. Bokosi linatuluka lokhomedwa kale. Motero amayi anga sindinawaonenso nkhope, amoyo kapena akufa, kuchokera m'mawa uja ananyamula khasu.

Titaika maliro, tsiku lometa, amayi aang'ono anandikhazika pakati pa miyendo yawo, lumo lili m'manja. Ankameta pang'onopang'ono, akuyankhula pamwamba pa mutu wanga, moti sitinkaonana. Mwina nchifukwa chake anatha kunena zonse.

Anati chinali chifuwa chachikulu. Amayi anadziwa asanaitane atsibweni, ataona magazi pansalu. Anakagonako kuchipatala cha mishoni miyezi ingapo ine osadziwa, anabwerako ali bwinoko, kenako chinabwereranso. Chimene ankaopa koposa imfa chinali chakuti ine, wogona nawo bulangeti limodzi, nditengera. Ndiwo anapempha atsibweni kuti anditenge, ndiwo ankakaniza tchuthi chilichonse. Za mitsinje ndi za khanda zinali zongopeka atsibweni pofuna kusunga mawu a mlongo wawo.

"Tsiku unkapita lija, ukuganiza anakalima? Anakakhala pachulu mpaka madzulo. Anati ndikanacheuka ndikanakamutsitsa panjinga."

Tsitsi linkagwera pamiyendo panga. Ndinafunsa chimene chinkandidya.

"Nanga khala lija, ankatanthauza kuti ndikhale konko?"

Lumo linaima. "Khala liti?"

"La pa ufa. Atsibweni anati amayi akuti khala."

"Iii, za kusukulu zimenezo. Khala ndi khala, mwana iwe, la pa ufa. Amayi ako akanazidziwira kuti zoseweretsa mawuzo?" Anapitiriza kumeta. "Koma uthenga wako uja unafika. Woti wakhala. Anakondwa tsiku limenelo, anadya ndi phala lomwe. Anati mwana wanga wakhazikika, tsopano mtima wanga wagwa pansi."

Pamenepo mpamene ndinalira, kulira kumene ndinakusunga njira yonse. Mawu amene ndinawatumiza kuti akawapweteke anawalandira ngati mphatso, ndipo sindinkadziwa ngati ndithokoze kapena ndichite manyazi.

Atatha kundimeta anandigwira dzanja nkupita nane pakhonde la nyumba yathu, imene inkayembekezera kugwetsedwa monga mwa mwambo. Anandilozera pakhoma, chapansi, pamene munthu wogona pamphasa angafikire ndi dzanja. Panali timizere takuda tambirimbiri, tina tatifupi, tina totuwa, tina takuda kwambiri, topingasana ngati mapazi a nkhuku.

"Abambo ako aang'ono atawauza kuti umajambula ndi khala lawo, inasanduka ntchito. Ufa ukamapita, ankati ndibweretsereni makala m'phale. Ankayesa limodzilimodzi apa. Lokala ankataya, lophwanyika ankataya. Ankati mwana wanga asavutike, lipite lofewa. Ulendo womalizawu anali atakomoka, ine ndi mutu wanga wozungulira ndinangomanga thumba."

Ndinagwada nkuika chala pamzere wina. Unandidetsa. Amayi amene sanagwirepo pensulo anali atadzaza khoma lawo, ine ndikudzaza langa, ndipo chaka chonsecho ndinkati la kwathu limaterera lokha.

Abambo aang'ono anali ataima chapafupi, akupotokola chipewa. Anakhosomola, nkunena kuti pali mawu ena amene sanandifikitsire, poti ankaona ngati nthabwala za wodwala.

"Anandifunsa kuti, kodi ine wandijambula? Ndinati eya, wakujambulani, koma chakumbuyo, mukupita kumunda. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Atapuma anati, mukamuuze anditembenuze, ndimuoneko."

Amayi aang'ono anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje chawo. Munali khala limene analipeza pansi pa mphasa posambitsa maliro, losankhidwa kale, lodikira ufa wotsatira. Anandipatsa.

Titabwerera ku Nathenje ndinapita kuseri kwa khitchini ndisanalowe m'nyumba. Zonse zinalipo, thambo lakuda, basi, nkhokwe, amayi akulowa m'chimanga. Atsibweni ananditsatira. Anali atamva zonse kumudzi, za nthabwala yawo yomwe.

"Jambula nkhopeyo, mphwanga," anatero. "Akafunsa ndiyankha ndine."

Ndinasankha malo oyera pafupi ndi chitseko cha nyumba yathu. Ndinatseka maso kuti ndiwaone. Ndinaona mpango. Ndinaona dzanja litagwira nsonga ya chitenje pakamwa. Mawu awo ndinkawamva bwinobwino, fungo lawo ndinkalimva, koma pakati pa mpango ndi chitenje panalibe kanthu. Mphini zija sindinkadziwanso ngati zinali zitatu kapena zinayi, tsaya liti. Ndinajambulabe. Inatuluka nkhope ya amayi aang'ono. Ndinafufuta ndi chitsononkho. Yachiwiri inafanana ndi mayi wina wogulitsa zitumbuwa pasiteji. Pamene nkhopeyo ndinali nayo anandiletsa, ndipo pamene anandilola inali itapita.

Tsiku lachitatu azakhali anabwera kuseriko, kumene sankapondako kawirikawiri. Ananyamula galasi lawo la kuchipinda, limene sankalola munthu kulikhudza. Analitsamiritsa pa njerwa patsogolo panga.

"Amati unatengera amayi ako chipumi ndi maso. Yambira pamenepo," anatero, nkubwerera.

Ndinayang'ana m'galasimo, ndinaona mwana wometedwa mpala, wotupa maso. Ndinamujambula, nkumumanga mpango. Sanali amayi. Ndinayesabe masiku otsatira, ndikufufuta ndi kuyambiranso, mpaka njereza inachoka pamalopo, dothi nkuonekera. Khala lija linachepa kufika ngati njere ya nyemba, kenako linangotsala fumbi m'zala. Mvula yoyamba ya chaka chimenecho inabwera ndi mphepo, inalowa pansi pa tsindwi nkutsuka khoma lonse, ndipo chaka chotsatira atsibweni anasamutsidwira kwina.

Ndinakula, ndinagwira ntchito, ndinabereka ana anga. Tsopano ndine wamkulu kuposa mmene amayi analili pomwalira, moti galasi silingandithandizenso. Kujambula sindinasiye, ndipo nkhope za anthu ndimazitha ndithu. Ndajambula adzukulu anga onse, ndajambula atsibweni atakalamba, azakhali ndinawajambula ali ndi zala ziwiri m'mwamba, iwo nkuseka mpaka misozi. Ana anga anandigulira mapepala ndi makala a m'sitolo okulungidwa bwino, koma ndimakondabe a pamoto.

Ndikamatumiza ufa kutauni ndimaikapo khala, ngakhale ukuyenda masana pa minibasi. Mpongozi wanga amalitaya, ndikudziwa. Posankha ndimayesa pakhoma la khitchini, ndipo ndikapeza lofewa kwambiri ndimalisunga. Ndimakhala pakhonde ndi pepala, ndimayamba ndi chimanga, kenako zithendene, khasu, mapewa, mpango. Pamenepo dzanja limaima. Ndimawauza kuti amayi, uthenga wanu unafika, ndayesa. Iwo amangopitabe kumunda.